Nyimbo za Amalume Zinkadukaduka

Amalume anga anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma, ndipo ankatsogolera kwaya ya tchalitchi chathu ku Ngungu kuyambira ine ndisanabadwe. M'mutu mwawo munali nyimbo zimene makolo athu anabwera nazo kuchokera kum'mawa podzafuna ntchito ku mgodi, zambiri zosalembedwa paliponse. Madokotala atawapeza ndi chotupa pakhosi, anandiitanitsa n'kundiuza kuti ndiwajambule mawu asanawachite opaleshoni.

Ine ndimakonza makompyuta m'kashopu kena ku Katondo, choncho pabanja pathu chilichonse chokhala ndi waya chimagwera ine. Ndinavomera msangamsanga. Ndinali nditangopeza laputopu yatsopano, ndipo mnzanga wina anandibwereka maikolofoni yabwino.

Tsiku loyamba zinayenda bwino. Titabwereza mawa lake, mawu ankadukaduka ngati a wailesi yothera batire. Amalume anaimba nyimbo yomweyo mobwerezabwereza, akumeza malovu movutikira, koma inkadukabe, ndipo osati pamalo amodzi.

Pa ntchito yathu pali pulogalamu yoyezera mmene purosesa ikugwirira ntchito. Purosesa ndiye ubongo wa kompyuta, ndipo mkati mwake muli timainjini tingapo togawana ntchito. Pulogalamuyo ndinkaidalira kwa zaka zambiri, chifukwa imakuonetsa pamene zinthu zikutsamwa. Ulendo uno inkandiuza kuti zonse zili bwino. Ndinasintha waya, ndinasintha maikolofoni, ndinafufuta zonse n'kuyambiranso. Palibe chinasintha.

Pofufuza pa intaneti m'pamene ndinamva kuti laputopu yangayo ili ndi timainjini ta mitundu iwiri, tamphamvu ndi tina tofooka tosadya batire, ndipo kompyuta imasankha yokha kotumiza ntchito. Pulogalamu yanga yoyezera ija inapangidwa nthawi imene timainjini tonse tinkakhala tofanana. Inkawerenga tamphamvu tokha, tinato siinkationa n'komwe. Ndinayesa kukakamiza pulogalamu yojambulira kuti izikhala pa tamphamvu. Zinachepako, koma mawu ankadukabe apo ndi apo, ndipo ndinalibe poyang'ana.

Ndinawalembera anthu amene amasamalira pulogalamu yoyezerayo. Anandiyankha mwaulemu kuti vutoli akulidziwa, akulikonza, koma ndi ntchito yaikulu chifukwa mtundu uliwonse wa timainjini uli ndi kawerengedwe kake. Anandipempha kuti ndiwatumizire zimene laputopu yanga ikuonetsa, ndipo ndinatumiza. Sakanandiuza tsiku.

Madzulo ndikatseka shopu ndinkakwera minibasi ya ku Ngungu, laputopu ili pamiyendo. Ndinkawapeza amalume atavala kale jekete lawo la ku tchalitchi, madzi ofunda ali pambali. Akazi awo ankandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti ndisawatopetse, poti akaimba usiku sagona ndi ululu. Ndikabwerera pabalaza, amalume ankandiuza kuti ndisawamvere mayiwo.

Tsiku lina nyimbo ya maliro, imene anaiimba bwino kwambiri, inaduka pakati penipeni. Anayang'ana laputopuyo.

"Iwe, makinawa akudwala chiyani?" anandifunsa.

"Sindikudziwa, amalume. Chimene chimandiuza matenda ake sichikuona mbali ina."

"Nanga amene anachipanga?"

"Akuti tidikire."

Anaseka pang'ono mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nakonso kuchipatala anawauza zomwezo.

Ndinaganiza zonyamula kompyuta yakale ya ku shopu, koma masiku amenewo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo iyo ilibe batire. Tsiku la opaleshoni litayandikira ndinangoika foni patebulo kuti tijambulire. Tinajambula nyimbo zochepa chabe, mawu awo atayamba kale kusasa, kumbuyo kukumveka makondakitala akuitanira anthu a ku tauni.

Patapita miyezi pulogalamu yoyezera ija inatuluka yokonzedwa. Nditaiika, vuto linaonekera pompo. Magetsi akazima laputopu n'kuyamba kudya batire, kachigawo kolandira mawu kuchokera ku maikolofoni kankakankhidwira ku timainjini tofooka, komwe kankadikira pamzere ndi ntchito zina. Kukonza kwake kunali kosavuta. Ndinakhala m'shopumo osafuna kulankhula ndi munthu, kasitomala akugogoda pakauntala.

Opaleshoni inawapulumutsa amalume, koma inawasiya akungonong'ona. Ndinapita kukawauza zimene ndinapeza. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandikodola kuti ndiyandikire.

"Ndiye wakonza?"

Ndinati eya. Anagwedeza mutu n'kundisisita paphewa.

Masiku ano amayi a kwaya amabwera kunyumba kwawo Loweruka masana. Amalume amanong'ona mawu a nyimbo, akumenya tebulo ndi zala, amayiwo n'kumayesa kulota kaimbidwe kake. Wina akayamba, iwo amapukusa mutu, wina n'kuyesa mwina. Ine ndimakhala pakona ndi laputopu, ndikujambula zonsezo, ndipo palibe chimene chimaduka.