Galimoto yofiira ya mipando iwiri

Uthenga unandipeza pamsika wa Katete ndikusankha tomato. Mnzanga wina amene tinkaphunzitsa naye kale anandikokera pambali n'kundiuza kuti galimoto yofiira ija ikadalipo, ili m'mudzi wina kuseri kwa Sinda, ndipo ikugulitsidwa. Sindinafunse kuti yofiira yake iti, poti aliyense wa msinkhu wathu kuno amaidziwa. Anandiuzanso kuti ndichite changu chifukwa munthu wokhoma ngolo anali atapita kale kukaiona. Tomato uja ndinamusiya pomwepo.

Kwathu kuno galimoto ikafa siitayidwa. Okhoma ngolo amaigula n'kudulako ekiselo, chitsulo chija chimagwira matayala, n'kukhomerapo matabwa kuti ng'ombe zizikoka. Zotsalazo zimathera kwa osula mbaula. Ine ndilibe nazo mlandu ngolo, ndi zomwe zimatitutira chimanga. Koma kuganiza kuti galimoto imeneyi nayo ikatute manyowa kunandiwawa kwambiri.

Mwini wake anali bambo wina wamtali amene anagwira ntchito kumigodi zaka zambiri. Anzake popuma ankabwera ndi malata ndi makina osokera. Iye anabwera ndi kagalimoto kafupi, kopanda denga, ka mipando iwiri yokha, kosanyamula ngakhale thumba limodzi la fetereza. Abale ake anadandaula, akulu a mpingo anapukusa mitu. Koma chisanathe chaka, akulu omwewo ndi amene ankamugwadira kuti akawanyamulire ana awo aakazi pa tsiku la ukwati. Ukwati wopanda galimoto yofiira unkaoneka ngati wozemba. Bamboyo sankalipiritsa, ankangofuna nkhuku yathunthu ndi mpando wakutsogolo pa madyerero.

Pa ukwati wathu ndinali nditangoyamba uphunzitsi. Poti mipando inali iwiri, wina wa woyendetsa wina wa mkwatibwi, mkwati ankatsatira pa njinga. Palibe ankaona chachilendo, zinkangochitika choncho. Ine ndinapalasa kumbuyo kwake kuchokera kwa apongozi mpaka kutchalitchi, nditavala suti yobwereka, fumbi lonse likuthera pa ine. Azimayi ankaimba nthungululu m'mbali mwa msewu, ana akuthamanga, injini ikulira mokoma ngati ikuyankha nyimbo. Ndinafika ndili mbuu, moti abusa anayamba andipatsa mpango ndisanalowe. Tsiku limenelo ndinalumbira chamumtima kuti galimoto imeneyi ndidzaikwera basi. Kenaka ananditumiza kukaphunzitsa ku Vubwi, ana anabadwa, zaka zinapita, ndipo pamene tinkabwerera ku Katete n'kuti itasiya kale kuoneka pamsewu.

Nditafika kunyumba kuchokera kumsika kuja ndinawauza akazi anga zonse, ndi mapulani omwe ndinali nditapanga m'njira. Ndidzatapa pa penshoni, tidzaikoka ndi ng'ombe mpaka pamsewu waukulu, ndipo makaniko wina wa m'tauni, amene amadzutsa ndi zigayo zomwe, adzaidzutsa. Ndinkayembekeza mkangano, mayankho ndinali nditakonzeratu. Koma iwo anangofunsa za tomato, kenaka anati tipite limodzi tikaione. Kufatsa kwawo kumeneko kunandiopsa kuposa mkangano.

M'mawa mwake tinakwera minibasi mpaka pa Sinda, kwinako tinayenda pansi. Bambo wamtali uja anali atamwalira kalekale, ndipo monga mwa mwambo wathu katundu wake anatsalira mphwake, mwana wa mlongo wake. Mphwakeyo, amene nayenso imvi zinali zitayamba, anatilandira bwino n'kutitengera kuseri kwa nyumba.

Inali pansi pa mtengo wa mango, itakhazikidwa pa njerwa. Kufiira kuja kunali kutazilala, ikungofanana ndi dothi la katondo. Pamwamba pa injini anali atayanikapo mtedza pa thumba, ndipo pansi pa chiwongolero nkhuku inkafungatira mazira. Mphwakeyo sanabise kanthu. Anati makoswe anadya mawaya onse, injini inauma malume ake akadali moyo, ndipo amakaniko awiri anaiyesa n'kuilephera. Ine zonsezo zinkangondidutsa. Ndinkangosisita chitseko. Inali yokongolabe, ndikunena zoona.

Atachotsa nkhuku ija ndinalowa n'kukhala pa mpando wa woyendetsa. Mawondo anga anadandaula, poti ndi yotsika zedi. Akazi anga anayala chitenje pa mpando winawo nawonso n'kukhala. Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, ndikuona msewu wa kutchalitchi uja ndi anthu ambiri amene pano ali kumanda. Kenaka ndinawafunsa akazi anga ngati akukumbukira mmene anasangalalira tsiku la ukwati wathu lija.

"Kusangalala? Inu bambo, ine njira yonse ndinangoyang'ana kumbuyo. Khosi linachita kuuma. Ndinali kufuna kuona ngati mukubwera, koma fumbi lokhalokha. Ndinali kungoti kapena mwagwa, kapena mwabwerera kwanu."

Zaka zonsezi anali asanandiuzepo zimenezi. Ndinayesa kuseka, ndikuti tsopano zidzasintha, tidzakwera awiri. Anandiyang'ana mmene ankawayang'anira ana athu akanama.

"Adzayendetsa ndani? Inu simudziwa kuyendetsa motoka, ndipo ndi maso anuwo simudzaphunzira. Mudzafuna dalaivala. Ndiye mipando ndi iwiri, wina wa ife adzatsala. Koma ngati mtima wanu uli pamenepo, gulani. Ine sindikuletsani, mwaigwirira ntchito penshoniyo."

Bola akanandiletsa. Ndikanakwiya sabata imodzi, n'kumauza anzanga kuti mayi akunyumba ndi amene anakana. Koma anandisiyira ndekha nkhaniyo, ndipo ndinagwira njakata. N'zoona, ine chiwongolero cha galimoto ndinali kuchigwira koyamba tsiku limenelo. Pa mapulani anga onse, a ng'ombe ndi makaniko, sindinaganizeko n'kamodzi komwe za woyendetsa. Ndinachita manyazi, komanso chisoni chinandigwira, chifukwa ndinadziwa kuti ndikatuluka m'galimotomo osaigula, palibenso wina adzaipulumutse.

Tinakhalamo nthawi yaitali ndithu, mpaka mthunzi wa mango unasuntha. Mphwake uja anatibweretsera madzi akumwa, osatifulumizitsa. Potsiriza ndinatuluka, n'kuzungulira kukawathandiza akazi anga kudzuka, ndipo ndinamuuza mwini wakeyo kuti sindigula.

Iye sanakhumudwe. Anati akumvetsa, ndipo bola adziwitse wa ngolo uja lero lomwe asanapeze ina. Anapisa m'thumba n'kupeza kuti foni yake yatha moto.

"Aphunzitsi, ndibwerekeniko yanu. Nambala ndili nayo pamtima."

Manja ake anali ndi dothi la mtedza, choncho anandiuza kuti ndingoyimba ine. Anatchula nambalayo pang'onopang'ono, ine ndikudina ndi chala changa chomwe, kenaka ndinamugwirizira foniyo pafupi ndi khutu. Wa ngoloyo anayankha msanga, mawu ake akumveka bwinobwino mpaka pomwe ndinaima. Sanafunse za injini kapena za mtundu wake. Anangofunsa ngati matayala onse anayi alipo, n'kunena kuti abwera mawa m'mawa ndi sowo yodulira zitsulo. Atandiyang'ana kumaso, akazi anga anabwera n'kundilanda foniyo mwakachetechete, n'kuigwirizira iwo mpaka anthuwo atamaliza kulankhula.