Khosi la Amalume M'chigafa

Shati yoyera ija inakhala pa msomali miyezi itatu, kolala yake yolimba ngati lata. Inali ya amalume, ndipo inkadikira chinkhoswe cha achemwali anga. Iwo ndiwo anali eni mbumba, popanda iwo mwambo sukanatheka, ndipo anali atalumbira kuti sakaima pamaso pa alendo a ku Mponela osamanga kolala.

Chaka chimenecho, titangoyamba kuvotera zipani zambiri, anabwerako kunja kumene anakawotchedwa khansa ya pakhosi ndi makina. Chotupa chinaphwa, koma khungu linapsa, n'kusupuka, n'kumatuluka madzi. Adokotala anawauza kuti pasafike dzuwa, sopo kapena chilichonse chokhula.

Amayi atamva anangoti, “Si fodya ameneyu?” Fodya weniweni anali atapita kale ku okushoni, choncho anawayalira mphasa m'chigafa mwathu ku Nachisaka, momwe munali mthunzi, kamphepo ndi fungo lotsekemera la masamba. M'mawa uliwonse ankawasankha ngati tsamba, kuwapendeketsa mutu cha kowala.

“Achimwene, lero mwakwera giredi.”

“Ndiye kandigulitseni msanga, alongo, mitengo isanagwe.”

Ine ndinapatsidwa ntchentche. Ndinapha zochuluka moti zina zinkachokera ku Ntchisi kudzakhuza maliro. Sindikunama, ndinaziona zikutsika phiri. Pabalapo amayi ankaphimba ndi nsalu za kumisonkhano ya ndale, zochapa mpaka kufewa, n'kuziwiritsa. Msonkhano wa chipani chilichonse sunkawaphonya. Khosi limodzi linavala zipani zonse mosinthanasinthana popanda ndewu, ndipo aphunzitsi athu atadzazonda anati demokalase ndi imeneyi. Mneba wina anabweretsa oyilo wa chigayo kuti tipake. Amayi anathokoza ndi manja awiri n'kukathira pachitseko. Mpaka lero sichilira.

Posachedwapa namwino wina anandiuza kuti kwina masiku ano amatenga magazi a wodwala yemweyo, n'kuwazunguza m'makina, n'kupatulamo tizinthu timene timaundanitsa magazi, n'kupaka pa bala lotere kuti lipole msanga. Ndinaseka. Ndiye kuti mankhwala anali nawo m'thupi nyengo yonseyo, ife tili kalikiliki ndi ntchentche.

Komabe bala linatseka, patatsala mlungu umodzi, n'kusiya chipsera chonyezimira. Tsiku la chinkhoswe amalume anayankhula nthawi yaitali moti nkhuku yathadzi imene timati tipereke kuchimuna inaikira dzira m'manja mwa woinyamula. Mulungu ndi mboni, tinakazinga.

Ine ndinkayesa kuti bala likapola ndiye kuti matenda atha, ndipo ndinkadzitama kuti ndachiza munthu. Sindinamvetse chifukwa chake amalume anakanitsitsa zoti chinkhoswe chidikire chaka china. Sindinamvetsenso chifukwa chake m'mawa wa chinkhoswe amayi, atawamanga batani la pakhosi, sanachotse dzanja msanga. Zala zawo zinatsalira pansi pa chibwano, zikupapasa pang'onopang'ono pomwe panali chotupa.