Lachitatu la a Njobvu

Ndikakumbukila a Njobvu, chimayamba kundifika ndi fungo la malata otentha ndi utsi wa makala, chifukwa m'mawa uliwonse, ife tisanasukusule n'komwe, iwo amakhala atakoleza kale moto kuseli kwa nkhokwe yawo, akumata zidebe zobooka ndi kukhoma mbaula, ndipo kulila kwa hamala yawo kumadutsa mpanda wa udzu n'kundipeza ndili m'bulangeti. Anali aneba athu kwa Ndake, ku Nyimba, kumene makolo anga anasamukila kuchokela ku Katete pofuna malo olima thonje. Sanali abale athu, koma ana tonse timawaitana asikulu, monga Ansenga amaitanila agogo aamuna. Amakhala okha. Ukawapatsa moni wautali amangoyankha liwu limodzi, maso ali pa chidebe.

Ntchito yawo ina inali ya belu la kusukulu. Belulo linali limu ya lole, chitsulo cha gudumu, yopachika pamtengo pakati pa bwalo, ndipo amaliliza ndi chitsulo chachitali chimene amasunga okha. Palibe amene anawalemba ntchitoyo, tinangoipeza ili yawo. Anali ndi kalizidwe kawokawo: katatu pang'onopang'ono, kupuma, kenako mofulumila mpaka khwangwala athawe pamtengo. Mwana wa m'delalo amalidziwa belu la a Njobvu ngakhale ali kudimba, ndipo likalila timasiya phala pakati n'kuyamba liwilo.

Kumayambililo kwa Julaye boma limapeleka masiku awili opuma, Lolemba la ngwazi za dziko ndi Lachiwili la umodzi. Kwathu masikuwo amakhala atatu. Lachitatu lake belu silimalila. A Njobvu amachoka dzuwa lisanatuluke, kulowela njila ya kumwela yopita kumalile a Mozambiki, n'kukakhala pamtsinje mpaka madzulo. Makolo amatitenga kukatola thonje, ndipo tsikulo amai samalola kuti nditalikile ngakhale mizele iwili. Ana timalitchula Lachitatu la a Njobvu. Ena amati nkhalambayo imakamwa kachasu, ena amati imakapembedza mizimu. Ife chimene timasamala chinali holide, basi.

Chaka chimene ndinali giledi seveni kunabwela ahedi atsopano, a Sakala, ochokela ku Chipata. Ndisawanamizile, anali munthu wabwino, ndipo mbili yakale amaiphunzitsa mpaka kumva kukoma. Ine ndinali mwana wa m'buku, wa mtundu uja wokweza dzanja funso lisanathe. Anatiphunzitsa kuti chilandilile ufulu dziko lathu silinaonepo nkhondo, kuti maiko otizungulila anaphana okhaokha koma ife tinangolandila othawa kwawo. Ndinalemba zimenezo m'kope, ndinaziloweza, ndipo pamayeso ndinakhoza zonse. Mutu unakula, ndinkadziona ngati ndadziwa kale dziko lonse.

Lachisanu holide ya Julaye isanayambe, a Sakala anaima pabwalo atanyamula kalenda ya unduna wa maphunzilo, yachidindo.

"Holide imachokela ku Lusaka," anatelo. "Apa palembedwa masiku awili. Mudzi ulibe mphamvu yowonjezela tsiku, ngakhale ine ndilibe. Lachitatu ndikufuna aliyense m'kalasi."

Anali atafunsa aphunzitsi anzawo za tsikulo, koma nawonso anali obwela, anangoti ndi mwambo wa kuno. Anatumanso uthenga kwa a Njobvu, ndipo yankho linabwela lalifupi: "Lachinayi ndidzaliza kawili."

Lachitatu linacha ndi mphepo yozizila yolowa mpaka m'mafupa. Amai analawilila kumunda n'kundiuza kuti nditsuke mbale ndiwatsatile. Ine ndinavala yunifomu. Kusukulu ndinapeza a Sakala ali okha pansi pa mtengo, akugogoda limu ndi mwala, koma imangomveka phwa, phwa, osafika ngakhale kuchitsime. Anandimvetsa chisoni, munthu wamkulu atavala tayi akulimbana ndi mwala.

"Sa, ndikudziwa kumene kuli chitsulo," ndinatelo.

Pakamwa panga ine. Ndinali nditaona kangapo a Njobvu akuchisomeka m'udzu wa denga la nyumba yawo, pamwamba pa chitseko. Ndinathamanga, ndinakwela pamtondo, ndinachisolola, n'kubwelela nacho ndikupumila m'mwamba. A Sakala anaseka n'kunena kuti popeza ndachipeza ndine, ndilize ndine. Ndinali nditamva belulo m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi ziwili, ndiye ndinaliza monga limalilila: katatu pang'onopang'ono, kupuma, kenako mofulumila.

Choyamba kumveka sanali mapazi a ana. Unali mkuwe wa mzimayi kumunda wa thonje, kenako wina kutsidya la dambo, kenako ambili nthawi imodzi, ngati mmene amalilila malilo akangochitika. Ndinaona gogo wina amene amayenda ndi ndodo akuthawila m'thengo, dengu lake litagubuduzika, thonje lili mbwee panjila. Azibambo anatulukila m'minda atanyamula nkhwangwa. Ndipo pakati pa zonsezi ana amabwela. Amazemba m'manja mwa amai awo, ena opanda yunifomu, ena thonje lili m'tsitsi, n'kufola pamzele monga mwa masiku onse, chifukwa belu linali litalila. Ndinaima chitsulo chili m'manja, osadziwa chimene ndalakwa.

Amai anafika opanda nsapato, chitenje chili m'manja. Sanandimenye. Anangondigwila pamkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa, ndipo nkhope yawo inali yotuwa moti ndinachita mantha kuposa akanandimenya.

Kenako tinaona a Njobvu akuthamanga kuchokela kumtsinje. Chibadwile ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Anali atagwa panjila, maondo ali magazi. Atafika pabwalo sanayang'ane munthu wamkulu aliyense. Anayenda pamzele wa ana, akugwila mutu wa mwana aliyense, mpaka kumapeto, n'kuyang'ana kuseli kwa makalasi, kenako anakhala pansi pafumbi.

"Bambo Njobvu, chavuta n'chiyani?" anafunsa a Sakala, mawu atatsika.

"Ahedi, tsiku ngati lelo, ana atangochoka pa masiku awili aja, anthu a mfuti anawoloka kuchokela ku Mozambiki," anatelo a Njobvu. "Anali atatenga kale chimanga, mchele ndi mabulangeti m'midzi ya kumalile. Amafuna onyamula. Anandipeza pamtengo pomwepa, anandiika mfuti pakhosi, anati liza."



"Ndinaliza. Ndikanaliza mwina mwake, ana akanadziwa kuti china chake chalakwika. Koma manja angawa amadziwa kalizidwe kamodzi. Anabwela onse. Woyamba kufika anali Esinati wanga, chifukwa sanachedwepo kusukulu. Anapita nawo. Ena anabwelako patapita miyezi. Ena, ndi Esinati yemwe, mpaka lelo."

Ine ndinali ndisanamvepo kuti a Njobvu anali ndi mwana. Ndinali ndisanamvepo kuti pamene timafola m'mawa uliwonse, pamene timaimbila nyimbo ya fuko, panaimapo anthu a mfuti. Ndinayang'ana amai kuti andiuze kuti nkhalambayo yasokonezeka, koma amai amalila, ndipo azimayi onse amalila, ena akutchula maina amene ndinali ndisanawamvepo. Anthu onsewa amadziwa. Anagwilizana zosauza ana kuti tisamaope sukulu.

A Sakala anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. "Palibe anandiuza," anatelo. "M'buku mulibe."

"Ndikudziwa kuti mulibe," anayankha a Njobvu. "N'chifukwa chake ndimasunga tsikuli."

Anadzuka, anadutsa pafupi nane osatenga chitsulo chawo, n'kumapita kwawo akutsimphina. A Sakala anatiuza kuti tibwelele kunyumba. Sabata yomweyo analemba kalata ku ofesi ya maphunzilo, kufotokoza zonse ndi kupempha kuti sukulu yathu iloledwe kupuma Lachitatu limenelo. Amaganiza kuti akukonza zinthu. Yankho linabwela lakuti kalenda ndi imodzi dziko lonse, ndipo popeza akuluakulu anali atadziwa tsopano kuti kwathu timawonjezela tsiku, anayamba kumafika kudzaona ngati tatsegula. Kwa zaka zonsezo tsikulo linapulumuka chifukwa palibe analilemba papepala. Chaka chotsatila belu linalila Lachitatu lija, ndipo limalila mpaka pano. A Njobvu sanalikhudzenso.

Patapita masiku atatu chichitikile za pabwalo zija, amai anandipatsa nkhuku kuti ndikapepese kwa a Njobvu. Ndinawapeza kuseli kwa nkhokwe akumata chidebe. Ndinagwada pataliko, nkhuku ili m'manja, ndipo mawu onse amene ndinakonza panjila anathawa.

"Asikulu, sindimadziwa," ndi zokhazo zimene zinatuluka.

Anapitiliza kumata mpaka anamaliza. Anathila madzi m'chidebe, anachikweza m'mwamba kuona ngati chikudontha, kenako anachiika pansi.

"Unaliza bwino, mwana iwe," anatelo. "Ndili kumtsinje ndinayang'ana manja anga. Ndinayesa ndine."

Ndikanakonda akananditukwana. Nkhukuyo anailandila, ndipo mawa lake anaibweza atapha kale, kuti amai aphike tidye tonse. Anakhala aneba athu zaka zina zinayi, akutikonzela zidebe monga kale, ndipo chaka chilichonse pa Lachitatu lija amapitabe kumtsinje, koma tsopano amanyamuka ndi thonje m'makutu. Anamwalila ine ndili ku sekondale. Pamalilo pawo panalibe wachibale ngakhale mmodzi, manda anakumba ndi makolo a ana asukulu.

Lelo ndine mphunzitsi wa mbili yakale pasukulu ina ya boma ku Petauke. Kalenda ya unduna ili pakhoma mu ofesi, ndipo ndimaitsatila, chifukwa lamulo ndi lamulo ndipo ana anga amadya ntchito yomweyi. Lachitatu lija ndimapita kusukulu ngati wina aliyense. Belu lathu ndi lamagetsi, koma likalila tsiku limenelo ndimapezeka ndaima pakhomo la kalasi ndikuwelenga mitu ya ana polowa. Akakhala pansi ndimatseka buku, ndimalemba dzina limodzi pabolodi, Esinati, n'kuwauza za mtengo uja, za limu ya lole, ndi za mtsikana wa giledi seveni amene amadziwa mayankho onse.

Chaka chatha nditamaliza kufotokoza, mtsikana wina wa kutsogolo, wanzelu kwambili, wa mtundu wanga womwe, anakweza dzanja.

"Madamu, kodi izi zibwela pamayeso?"

"Ayi, sizibwela," ndinatelo.

Anatseka kope lake, anaika bolopeni pansi. Ndinapita pa desiki yake, ndinatsegulanso kopelo, n'kumubwezela bolopeniyo m'manja.

"Lemba," ndinamuuza. "Lemba dzinalo."