Matope a pa msewu wa ku Mughese

Bambo a Lusekelo, ndikulemba ndili pa benchi kuchipatala cha pa Boma. Mwana wanu watentha thupi kuyambira dzulo, m'mawa uno wakomoka kawiri. Ndinamubereka n'kukwera njinga yamoto ya kabaza, koma pa chitunda chija cha matope tayala limangozungulira pamodzimodzi. Pomwepo ndinakumbukira Loweruka lija munatenga alendo kukagona m'matenti ku nkhalango ya Mughese, n'kunditenga ine kuti ndikawaphikire, mimba ya Lusekelo ili ya miyezi isanu. Galimoto yanu yokwera mapiri ija inatitimira pamalo omwewo. Ine ndinayamba kulira, alendo akukuwa kuti pondani moto. Inu munangotsika phee, n'kuphwetsa pang'ono matayala onse anayi ndi kamtengo. Munati, "Iwe, matope safuna ukali. Ukaponda moto ukudzikumbira dzenje." Tinatuluka ngati tikuyenda pa tala.

Lero ndinamuuza wakabaza uja kuti aphwetse tayala. Anandiyang'ana n'kuseka, akukayika ngati ndimazidziwa, "Amama, imwe mukumanya vya matayala?" Ndinati phwetsani basi, malemu mwamuna wanga anali dalaivala. Anaphwetsa, tinadutsa. Zaka ziwiri chitisiyireni, koma ndinu mwatidutsitsa pamenepo, yewo chomene. Tsopano anesi amutenga magazi, amuika diripi, akuti ndidikire. Ndikudziwa munapita musanamumve akuitana kuti adada, ndipo mumamufuna. Koma chonde musamuitane. Mwatifikitsa kuchipatala, pamenepo pakwana. Mwanayu ndisiyireni ine.