Ndidatseka Oilo pa Njinga ya Apongozi

Njinga yamoto ya apongozi anga aamuna idali yakale kuposa ukwati wanga. Adaigula kwa mlangizi wina wa zaulimi amene ankapuma pa ntchito, ndi ndalama zimene adabwera nazo kuchokera kumigodi ya ku Joni. Kumigodiko adabwerakonso ndi chifuwa chosatha, komanso mtima woti chimene anena iwo ndi chomwecho basi. Pamene ine ndinkalowa chikamwini m'mudzi mwawo ku Bwanje, maso awo adali atayamba kuchita chifunga ndipo adali atasiya kukwera. Woyendetsa ndidakhala ine. Mwini wake adakhalabe iwo, ndipo sankalola kuti ndiiwale zimenezo ngakhale tsiku limodzi.

Zipani zambiri zidali zitangozolowereka kumene nthawi imeneyo. Mafoni a m'manja adali asadafike kwathu, ndipo njinga za kabaza zadzaza misewu lerozi kudalibe. Mbali yathu yonse ya mudzi, cholira ndi injini chidali chimenechi chokha. Mkazi wanga adali woyembekezera kachiwiri. Mwana woyamba, wamkazi, adabadwa ndi opaleshoni, ndipo anamwino a pa chipatala chaching'ono adatiuza mosabisa kuti ulendo uno asayerekeze kuchirira pakhomo. Nthawi ikadzakwana, molunjika ku chipatala chachikulu ku boma. Kuchoka kuchigwa kwathu kupita ku boma ndi chitunda chokhachokha. Choncho njinga ija ndinkaiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mlatho mvula ikamagwa.

Injini yake ndi ya mtundu uja umadya petulo ndi oilo pamodzi. Pambali pali kathanki ka oilo, ndipo kuchoka pamenepo kapaipi kamatsika mpaka pa kavalavu kamene kamadonthezera oilo m'injini pang'onopang'ono. Oilo akapanda kufika, chitsulo chimadyana ndi chitsulo. Kavalavu kathu kadali katatha. Njinga ikangogona masiku awiri, kankatulutsa oilo osaleka, ndipo m'mawa unkaponda kiki mpaka thukuta kamukamu, pulagi itanyowa bii. Ikati yalira, utsi wake ngati tikuwotcha mapesi aawisi. Tsiku lina kiki idandibwezera pamsongolo, ndipo mawu amene ndidatukwana nawo njinga ija sindingawalembe pano, poti ndine mkulu wa mpingo tsopano.

Ndidaikankha mpaka pamsika, kwa makaniko amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Iye adaona, nandiuza kuti kavalavu ka mtundu umenewo sindingakapeze ngakhale nditafika ku Lilongwe. Nzeru yake idali yakuti titseke njira ya oiloyo, ndizisakaniza ndekha oilo m'petulo nthawi iliyonse ndikamathira. Adandionetsa muyeso wake ndi kachitini ka tomato. Adawonjeza mawu amodzi amene ndidawamva bwinobwino, sindinganame kuti adandiphonya: aliyense wogwira njingayi adziwe kuti yatsekedwa, chifukwa ikamwa petulo wosasakaniza ndiye kuti yatha.

Nkhani ndidakaitula kwa eni ake monga mwa mwambo. Iwo pampando wawo pakhonde, ine chonjuta chapatali, maso kumbali. Ndidafotokoza modekha, kapena kuti modekha mmene ndingathere ine. Apongozi adatsokomola kaye, kenako nkuyamba kundiphunzitsa. Akuti amene adapanga njingayo sadali ataledzera pamene ankaika kapaipiko. Akuti kumgodi munthu wotseka paipi popanda chilolezo ankalongedza katundu tsiku lomwelo. Akuti makaniko wa pansi pa mtengo ndi makaniko wanji. Ndidayesa kunena kuti tsiku lina idzakana kulira pamene tikuifunitsitsa, ndipo mwana wawo yemwe ndiye adzavutike.

"Akamwini," adatero, "inu limani mpunga. Za makina tisiyireni ife amene tidaona makina."

Zidandiwawa. Ndinene zoona, zidandiwawa mpaka m'mafupa. Ine amene ndinkadzuka kukapatutsa madzi m'munda mwawo, ine amene ndinkawatengera kuchipatala chifuwa chikawapana, ndi kundiyankha ngati mwana woti wapempha mpeni. Ndidawomba m'manja, nkuti zikomo bambo, ndikuchoka. Koma mumtima ndidati tiona.

Sabata yomweyo ndidabwerera kwa makaniko. Tidazula kapaipi, nkulowetsamo kabawuti kokulunga ndi mphira wa chubu cha njinga yakapalasa, kenako nkubwezera kapaipiko pamwamba kuti woyang'ana aziona ngati zonse zili m'malo. Makaniko adandifunsa ngati madala avomera. Ndidati avomera.

Njinga ija idasintha ngati yabadwanso. Kiki imodzi, yalira. Utsi udachepa. Koma bodza limafuna kulidyetsa. Apongozi adali ndi chizolowezi, Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi, choika nkhope pafupi ndi kagalasi ka kathanki kaja kuti aone ngati oilo akutsika. Ndiye ine ndinkapopa oilo m'kathanki momwemo ndi kapaipi kena, ndikumasakaniza ndi petulo kuseri kwa nkhokwe. Iwo akaona kuti watsika, ankagwedeza mutu mokhutira, nkumauza apongozi aakazi mokweza kuti ine ndimve, kuti makina amangofuna munthu woleza mtima. Ine ndinkaseka chamumtima. Zinkandikoma kuti nkhalamba yodziwa zonse ikupusitsidwa ndi mlimi wa mpunga. Mkazi wanga sindidamuuze, chifukwa iye kubisira bambo ake kanthu sankatha.

Patatsala mwezi wathunthu kuti masiku ake akwane, kudabwera uthenga woti amalume anga amwalira kwathu, kufupi ndi ku Tsangano. Amalume amenewa ndi amene adandilera, ndipo kusapita sikukadatheka. Petulo m'thanki adali wochepa, woti sakadandifikitsa kulikonse, choncho ndidaganiza zokwera matola. Tidapangana ndi mkazi wanga kuti ndikangobwera ndimuperekeze ku boma akadikirire komweko.

M'mawa wonyamuka uja ndidaima pakhomo pa kanyumba kamene tinkasungiramo njinga, chikwama chili m'manja. Mawu a makaniko adandibwerera. Apongozi adali pakhonde pomwepo, akuwothera dzuwa. Kudali kungoyenda mapazi khumi, kunjuta, nkunena kuti bambo ndidakulakwirani, njinga ija ndidatseka. Koma ndidaganiza za nkhope imene akadandionetsa, ndi mmene nkhani ikadafalikira kuti mkamwini wayamba kulamula katundu wa eni mudzi. Ndidadzifunsa kuti angakwere ndani, poti madala saona bwino ndipo papita zaka asadagwire chiwongolero. Manyazi adapha lambe, amatero akuluakulu. Ndidatsanzika bwinobwino nkumapita.

Ndidabwera tsiku lachitatu masana. Nditatsika matola pamsika, mayi wina wogulitsa nthochi amene tinkaseka naye masiku onse adandiona nkuyang'ana pansi. Nditafika pakhomo ndidapeza kuli zii, mwana wanga wamkazi ali kwa aneba. Zimene zidachitika ndidazimva zidutswazidutswa, kwa anthu osiyanasiyana, ndipo ndizinena mmene ndidazilumikizira.

Matenda a mkazi wanga adayamba m'mawa wa tsiku lachiwiri, ndipo adayamba ndi magazi. Amayi adasonkhana, nkuona kuti izi si za pakhomo. Ngolo ikadatenga tsiku lonse. Apongozi aamuna, amene mwamwambo sakadayenera nkuyandikira komwe nkhani za amayi, adalowa m'nyumba, nkuvala majombo awo a kumgodi, natulutsa njinga. Akuti idalira kiki yoyamba. Amayi adakweza mkazi wanga kumbuyo, nammangirira kumsana kwa bambo ake ndi zitenje ziwiri. Pamsika madala adagula petulo wa m'mabotolo nkudzaza thanki. Kathanki ka oilo adakadzazanso mpaka pakamwa, ndi botolo latsopano limene ankasunga pansi pa bedi. Adachita zonse molondola. Makaniko uja, munthu yekhayo amene akadawaimitsa, adali atapita ku Lizulu tsiku limenelo.

Chigwa chonse adadutsa bwino, munthu wosaona bwinoyo akuyenda pakati pa msewu, anthu akupatuka okha. Atayamba kukwera chitunda, injini idatentha, nkuyamba kulira mwachilendo. Pakatikati pa chitunda idanoka. Pisitoni idauma nkukakamira, tayala lakumbuyo lidati gwa, ndipo adagwera m'mbali mwa msewu ali omangirirana. Dzuwa lidali lisadafike pamutu. Madala adaponda kiki mpaka jombo idang'ambika, koma kiki yake idali yosasuntha. Adatsegula kathanki, napeza oilo ali tho. Adayesa kumbereka mwana wawo kuti ayende wapansi, koma chifuwa chidawagwetsa asadapite patali. Adakhala pansi pa mtengo, mutu wa mwana wawo uli pamiyendo pawo, akuimitsa ndi chipewa chilichonse chodutsa. Lole ya makala imene idawanyamula idabwera dzuwa litapendeka.

Ku chipatala adapulumutsa mkazi wanga. Mwana, wamwamuna, adatuluka atafa kale. Adatiuzanso kuti chiberekero chidang'ambika ndipo achichotsa. Mwana wotere kwathu salira maliro. Amayi okhaokha ndi amene adakamuika, mwakachetechete, ine ndisadafike. Sindidaone nkhope yake, ndipo malo amene adagona sindiwadziwa mpaka lero.

Nditabwera kuchokera kumaliro kuja, mawa lake ndidakamuona mkazi wanga kuchipatala. Adali wotuwa, milomo itauma, ndipo chimene adandiuza nchakuti ndisawakalipire bambo ake, adayesetsa. Ndidatuluka m'chipatalamo. Tsopano mumve mtundu wa munthu amene ndidali. Sindidapite kutchalitchi, sindidapite kwa apongozi. Ndidabwereka ngolo, ndikuti ndikukatenga njinga isadabedwe, ndipo amene adafuna kundiperekeza ndidawakaniza. Ndidaipeza pakhomo pa anthu ena apafupi ndi chitundacho amene adaisunga. Nditaikweza nkuyenda pang'ono, ndidaimitsa ng'ombe pamalo opanda anthu, ndidatulutsa sipanala, ndikuzula kabawuti kaja. Ndidakaponya kuphompho, nkubwezera kapaipi m'malo mwake. Manja anga sadanjenjemere nkomwe pochita zimenezi, ndipo chimenechi chimandinyansa kuposa zonse.

Makaniko ataitsegula injini patapita masiku, adayang'ana kapaipi, nandiyang'ana ine nthawi yaitali. Adangoti njingayi sidzayendanso. Sadandipatsenso moni kuyambira pamenepo, ndipo chaka chotsatira adasamukira ku Mozambiki.

Ndinkadikira kuti apongozi andiitane, ndipo adandiitanadi, mkazi wanga atatuluka m'chipatala. Ndidapita mtima uli m'mwamba, nditakonza kale mabodza ena awiri. Nditati ndinjute pamalo anga akale chapatali, adandikodola kuti ndifike pafupi. Adatsika pampando wawo, nakhala pansi pamphasa, nkundiuza kuti ndikhale pomwepo. Chilowereni m'mudzimo ndidali ndisadakhalepo nawo mphasa imodzi. Adavula chipewa. Adali ataonda, maso ali psuu.

"Akamwini, mudandiuza," adatero. "Mudati kavalavu katha, titseke. Mudati tsiku lina mwana wanga adzavutika. Ine ndidakuyankhani zachipongwe pakhonde pano. Oilo adali wodzaza, koma kavalavu sikadapereke. Mdzukulu wanga ndamupha ndine, ndi liuma langali. Mundikhululukire."

Adagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri. Munthu amene adakumba pansi pa dziko zaka zonse zija, amene sadapepesepo munthu m'mudzi monsemo, ankalira pamaso panga. Apongozi aakazi adali ataima pakhomo, mkazi wanga akumva ali m'nyumba. Mawu oona adafika pakhosi panga, ndidawamva akukwera. Koma ndidaona mkazi wanga akundithamangitsa, ndidaona mudzi wonse ukundiloza chala, ndidaona mwana wanga wamkazi akukula akudziwa chimene bambo ake adachita. Ndidachita mantha. Palibe dzina lina la chimene ndidachita, adali mantha basi.

"Ndakukhululukirani, bambo," ndidatero.

Apongozi aamuna adakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Sadakhalenso pampando wawo uja ngati kale, ndipo pa nkhani iliyonse, ya munda kaya ya mbuzi, ankati afunseni akamwini. Lamulungu lina adaimirira m'tchalitchi nkuulula okha pamaso pa mpingo kuti kudzikuza kwawo kudapha mwana. Ine ndidali pabenchi yachitatu, ndikuimba nawo nyimbo imene idatsatira. Ndidawasamalira mpaka mapeto, ndinkawasambitsa, ndinkawatembenuza pamphasa, ndipo anthu ankati mkamwini wotere sapezeka. Nthawi zambiri ndinkatsala nawo awiriwiri m'chipinda, pakamwa nkutsegula ndithu, koma chotuluka chinkakhala chakuti kodi mumwa madzi.

Atatsala pang'ono kutisiya adaitana mwana wawo, namuuza kuti andigwiritsitse, chifukwa mwamuna wosasunga mangawa ngati ine sadzampezanso. Mkazi wanga wakalamba tsopano ngati ine, ndipo mawu amenewa amawabwerezabe kwa alendo, ine ndili pomwepo.