Chimera Changa cha M'phanga

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye amene akufuna kuwongola kalembedwe kanga abwere ndi cholembera chake. Ine ndikufuna ndifotokoze za chaka chimene ndinaphunzitsa dokotala.

Kumtunda kwa mudzi wathu kuno ku Wenya, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kuli phanga loti ng'ombe khumi zitha kugonamo. Chilimwe china kunabwera mayi wa Kummwera, dokotala wa zinthu zakale, wosabaya jekeseni. Anati akufunafuna mbewu zimene anthu oyamba kulima kuno ankadzala chimanga chisanafike. Atapempha anthu okumba, dzina langa linatchulidwa poyamba, poti ndinali mkulu wa mpingo wodziwika kuti mowa sindiudziwa ndi fungo lomwe. Mbiri imeneyo ndinali nditaisunga zaka makumi anayi, ndipo ndinkainyadira kuposa ng'ombe zanga.

Kukumba kwake kunali kochititsa manyazi munthu wa khasu. Tinkakanda dothi ndi kachitsulo konga supuni, n'kumasesa ndi burashi ngati tikupukuta nsapato. Dothilo tinkalithira m'ndowa ya madzi. Mchenga unkamira, zopserera zinkayandama, ife n'kumazisefa pa kansalu. Sabata zitatu tinangopeza makala, mafupa a mbira ndi timiyala tosongoka. Mayiyo anayamba kuonda.

Lachinayi lina m'mawa, pakona ya kumanzere, mozama kufika m'chigongono, panatuluka tinjere takuda tozungulira, todzaza mbale. Mayiyo anakuwa mpaka mileme inabalalika.

"Adada, tabwerani! Mawere awa! Kuno mumati malezi, eti? Ali m'phulusa lakalekale!"

Ndinayang'ana konayo. Mawerewo ndinkawadziwa bwino kwambiri.

Chaka chimene ndinakwatira, ndikadali ndi mano onse, mpingo unaletsa mowa mwamphamvu, ndipo mkazi wanga ankaimba kwaya. Ine makutu anamva lamulolo, koma khosi silinamve. Ndinatapa mawere m'nkhokwe n'kuwaviika. Atamera ndinasowa poyanika, poti inali nyengo ya mvula ndipo pamudzi maso ndi ambiri. Ndinakawayala m'phangamo pa chidutswa cha lata, kamoto pansi, n'kupita kukaona misampha. Pobwerera, chimera chonse chili bii! Ndinakumba dzenje pakona, n'kukwirira zonse ndi lata lomwe. Chimera chachiwiri sichinapserere, ndipo cha zaka zotsatira chimodzimodzi. Ndiye "anthu oyamba kulima" a dokotalawo ndinali ine.

Mayiyo anaitana mudzi wonse kuti Loweruka udzaone njerezo asanazitumize kunja kukayeza zaka. Ndikanatha kungokhala chete, mbiri yanga n'kutsala yoyera. Koma makina oyezawo akanamuyalutsa pamaso pa ophunzira anzake, munthu amene m'mawa uliwonse ankandipatsa moni wa "mwawuka uli, adada" lilime likupunthwa. Kawiri ndinamutengera pambali kuti ndimuuze, kawiri konse ndinathera kufunsa ngati Kummwera mvula imagwa bwino.

Loweruka phanga linadzaza. Abusa anabwera, mkazi wanga anakhala kutsogolo. Abusa anapemphera mothokoza chifukwa cha makolo akhama amene anatisiyira njerezo. Pa "ameni" ndinaimirira.

"Amama dokotala, taikani kagalasi kanu kokulitsa zinthu pa njerezo. Zili ndi timichira?"

Anayang'anitsitsa. "Eya, zina zili nato. Zikuoneka kuti zinamera."

"Mbewu yosunga simera. Chimenecho n'chimera. Takumbaninso pang'ono pomwepo, mupeza lata la mabowo a misomali. Kodi makolo anu akalewo ankafolera ndi malata?"

Anagwada n'kukanda. Kachitsulo kanalira ngwee!

"Mwadziwa bwanji, adada?"

"Kholo lake ndine."

Kenaka mkazi wanga anadzuka, manja m'chiuno.

"Imwe! Ndiye mawere munati adya makoswe aja? Ine n'kuthamangitsa mphaka wosalakwa!"

Anthu anaseka mpaka ena kutsamirana. Abusa okha sanaseke. Anangoti, "Akulu, tikaonana Lachitatu pa bwalo la mpingo."

Dokotala anali atakhala pansi, nkhope ili m'manja. Apo ndiye ndinamva chisoni chenicheni, ndipo ndinamuyandikira.

"Pole, pepani amama, musalirire mowa wopserera. Vuto lanu mwakumba pamene pankakhala ine. Phanga ili ndalikhalamo mvula zambiri, ndikulidziwa. Taonani chimwala chafulati icho pafupi ndi khomo. Pamenepo mphepo imadutsa, kuwala kumafika, koma mpemera sufika. Mkazi aliyense wanzeru angapete ndi kupera pomwepo. Chinagwa kuchokera kudenga, ndipo agogo anga ankati anachipeza chitagwa kale. Pansi pake sipanakumbe munthu, nungu, ngakhale mkulu wa mpingo."

"Ndinachiona," anatero, "koma tingachisunthe ndi chiyani?"

Ndinatembenukira madoda amene anali pamenepo. Ambiri a iwo ankadziwa kukoma kwa chimera chachiwiri chija, ndipo ankadziwanso kuti pakamwa panga patseguka lero.

"Anzanga," ndinatero, "mugwira mitengo, kapena ndipitirize kukumbukira?"

Sindinaonepo nkhalamba zikuthamangira ntchito chotero. Tinadula mitengo, tinaipana pansi pa chimwalacho, nyimbo ikuimbidwa, mpaka chinapendekeka n'kugwera uko. Dokotala anatiletsa kupondapo. Anakanda yekha masiku anayi. Munatuluka mphero yovundikira, mwanamphero wake ali pambali, ndi mapale a mbiya ya zolemba zimene palibe mayi wa kwathu anazidziwa. Titaviika phulusa lake, tinjere tinayandama, tochepa, toti n'kuwerenga pachikhatho. Ndinabwereka kagalasi n'kuyang'ana ndekha. Panalibe mchira ndi umodzi womwe.

Bwalo linandiimitsa ukulu, ndipo ndinkakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, pamodzi ndi amayi a ana olira. Mvula itagwa n'kutha, dokotala anabweranso yekha ndi zotsatira, n'kupempha kuti alankhule mapemphero atatha. Anati mawere a pansi pa mwala ndi akale kuposa chimanga, kuposa mfuti, kuposa dzina lililonse limene tingakumbukire kuno. Kenaka anati, "Popanda adada ali kumbuyoko, ndikanalengeza bodza kudziko lonse. Ndikupempha abwere kuno."

Abusa anachita kunditchula ndi pakamwa pawo. Ndinayenda pang'onopang'ono, kugwira chanza benchi iliyonse, ndipo njira yochoka kumbuyo kufika kuguwa ndinaitalikitsa momwe ndikanathera.

Dokotala anandisiyira pepala la chithunzi cha phangalo chimene chili m'buku lake. Pakona ya kumanzere anajambula kadzenje, n'kulembapo m'Chingerezi kuti n'kaposachedwa. Makolo onse aja ali m'phulusa limodzi, osadziwika ndani ndani. Ine ndekha ndili ndi dzenje langalanga.