A Simbi ndi Msewu Waukulu

Ndinayamba kuwazindikira tsiku limene anandibweretsera malaya oyera n'kundifunsa ngati pakolala panali banga. Panalibe. Anathokoza, n'kubwerera kutebulo lawo akuyendetsa zala m'mphepete mwa shelefu ya sopo.

Apo n'kuti nditangoyamba ntchito pamalo ochapira zovala, maliro a amuna anga asanaiwalike. Ntchito yanga inali kubwezera mabatani othothoka m'makina ndi kusoka mong'ambika. Anandikhazika kuchipinda chakumbuyo, kumene kunali zenera limodzi, nthunzi yosatha, ndi bambo wositayo. Onse ankawatchula a Simbi. Ine anandipatsa dzina loti Mayi a Mabatani, ndipo sindinakane.

A Simbi anali aatali, owonda, ndi zipsera zakupsa m'mikono. Akazi awo anatisiya kalekale, mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, ndiye ankakhala okha m'kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala. Posita ankaimba nyimbo za m'tchalitchi chapansipansi, ngati akuuza malayawo nkhani.

Likafika Loweruka ankaitana aliyense kutchalitchi: amayi ochapa, mlonda, ngakhale kasitomala wobwera kudzakalipa. Ankati anthu ambiri sapita chifukwa chochita manyazi ndi zovala, ndiye wofuna abweretse zake amusitire ulere. Munthu wina amene ankatibweretsera katundu anabweretsadi buluku ndi malaya, anamusitira mpaka mizere yakuthwa ngati mpeni, koma iye anakavala kumpira. A Simbi atamva anaseka mpaka kutsokomola.

Amayi ochapa ankawanyogodola. Wina anawafunsa ngati kumwambako kulinso ntchito yosita.

"Kumeneko zovala sizikwinyika, achemwali," anatero. "N'chifukwa chake ndikufuna ndikafikeko, ndikapumeko."

Ine akandiitana ndinkangoyang'ana singano. Chichitikire maliro ndinali ndisanapondemo m'tchalitchi. Sikuti ndinakwiyira Mulungu. Ndinkaopa maso a anthu, mapepani awo, ndi malo opanda munthu pambali panga pabenchi.

Wosalankhula amaona zambiri. Ndinaona kuti a Simbi amasiyanitsa zovala pozikhudza, ndipo amadziwa kutentha kwa simbi poiyandikitsa kutsaya. Kasitomala akanena kuti "ya buluu ija," iwo ankachedwa dala, kudikira kuti wina ailoze. Maso awo anali kuchita chifunga, ndipo ankabisa poopa kuti abwana akadziwa ntchito itha.

Lolemba lina anabwera akutsimphina, n'kundipatsa buluku lawo la Lamlungu litang'ambika pabondo. Anati njinga yamoto inawapsopsona pamsewu waukulu, umene uli pakati pa kachipinda kawo ndi tchalitchi. Anati msewuwo masiku ano wanenepa. Ndinasoka osafunsa zambiri.

Sabata yotsatira ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti abusa analalikira zotani. Anaimitsa simbi m'mwamba. Kenako anati ulaliki sanaumve bwino, koma nyimbo zinamveka, chifukwa mphepo inkachokera komweko. Anali ataima tsidya lino la msewu, atatsamira pholo lamagetsi, atavala jekete ndi tayi, kufikira anthu atatuluka. Anati Mulungu alibe vuto la maso, anawaona pomwepo.

Tsiku lonselo ulusi unkandikana kulowa m'singano.

Lamlungu ndinawapeza papholo pomwepo. Nditawapatsa moni anandizindikira ndi mawu, ndipo sanadabwe, kapena anabisa kudabwako. Ndinawagwira pachigongono ndipo tinawoloka. Ndinkati ndiwasiya pakhomo ine ndibwerere, koma panali masitepe. Titakwera masitepe panali mpata wopita kumabenchi, anthu ali yakaliyakali. Pomwe ndinkazindikira n'kuti ndakhala pansi, pabenchi lakumbuyo. Mapepani anabweradi. Mayi wina anandikumbatira mpaka duku langa linapendekeka. Sindinafe nazo. A Simbi anaimba mokweza kuposa onse, mavesi onse pamtima, ena ataleka iwo akukokabe mawu omaliza.

Kuyambira pamenepo tinkawoloka limodzi. Panjira sitinkalankhula zambiri. Ine ndinkangoti "dikirani," kenako "tiyeni." Pobwerera ndinkawasiya pachitseko chawo, ine n'kupita kunyumba kwanga kukaphika chakudya cha munthu mmodzi.

Komabe Loweruka lililonse ankaitanabe anthu monga kale. Tsiku lina ndinawafunsa kuti akuvutikiranji, poti wowawolotsa alipo tsopano.

"Inu mumayesa ndimafuna ondigwira mkono basi?" anatero. "Vuto la msewu ndi langa, mayi. Tchalitchicho si changa."

Chinsinsi chinaululika ndi diresi laukwati. Simbi inasiya chizindikiro chake pachifuwa, chabulawuni, ndipo iwo analipinda bwinobwino osaona kanthu. Abwana sanakalipe monga tinkaopera. Anawakhazika pampando, n'kuwaonetsa zala kuti anene kuti ndi zingati. A Simbi anangomwetulira n'kunena kuti abwana ali ndi zala zokwanira. Madzulo ake abwanawo anaimbira foni mwana wa a Simbi.

Mwanayo anabwera ndi galimoto yahayala kudzawatenga. Katundu wawo sanadzaze ngakhale kumbuyo: matiresi, chikwama, mpando umodzi. Amayi ochapa anabwera kudzatsanzika manja ali ndi thovu, ndipo amene ankanyogodola kwambiri ndiye analira. Ine ndinaima patali pang'ono, n'kufunsa mwanayo chapansipansi ngati kwawoko tchalitchi chili pafupi. Anati chili kutali ndithu, ndipo iye ndi mwamuna wake Lamlungu amakhala kuntchito.

A Simbi anamva. Makutu awo sanali ndi chifunga. Anatulutsa mutu pazenera la galimoto, akuyang'ana pambali pang'ono pa pomwe ndinaima.

"Musadandaule, Mayi a Mabatani," anatero. "Dalaivalayu amakhala kufupi ndi mwana wanga. Ndamufunsa kale, akuti chikwatirire sanalowemo m'tchalitchi. Ulendowu ndi wautali. Tikamafika akhala atavomera."